Anandibweza ku Zambezi, ati madzi achuluka

Abale anzanga, pali manyazi ena omwe munthu safuna kuwaulula pagulu, koma poti nkhani ya lero yagona pomwepo, ndingonena basi. Ine ndinayenda masiku awiri pa basi, kuchoka ku Lilongwe kudzera pa Mchinji, Chipata, Lusaka, Mazabuka, Choma mpaka ku Livingstone, n'cholinga choti ndikakwere bwato la mphira pa mtsinje wa Zambezi monga amachitira azungu aja timawaona pa makalendala. Nditafika anandibweza. Chifukwa chake? Ati madzi achuluka.

Eee, mwamva bwino. Kwathu kuno timadziwa kuti bwato limakanika kuyenda madzi akaphwa. Koma kumeneko ndinauzidwa kuti mtsinje wadzaza mopyola muyezo, choncho eni mabwato ayamba aimitsa ntchito.

"Pepani ba mudala, mwabwera nthawi yolakwika," anatero mtsikana wa mu ofesi ina m'Chinyanja chawo cha m'tauni chija. "Uno ni Epulo. Mukabwerenso mu Okutobala, madzi yakachepa."

Ndinatuluka mutu uli pansi, ndalama zanga za basi zitalowadi m'madzi. Koma funso linandikhala mumtima. Kodi anthu amenewa amadziwa bwanji kuti lero madzi akwana, mawa apyola? Amayeza ndani, nanga amayezera chiyani? Funso limenelo ndilo linandibwezeranso ku Livingstone patapita miyezi 6.

ULENDO WA MU EPULO

Poti ndinali nditafika kale, tsiku lomwelo ndinapita kukaona mathithi otchuka aja a Victoria Falls, omwe eni dziko amawatcha Mosi-oa-Tunya, kutanthauza utsi wogunda ngati bingu. Mathithiwa ndi a mamita 1,708 m'lifupi ndipo pakuya pake madzi amagwa mamita 108. David Livingstone anawaona mu 1855, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1989.

Ndikanena kuti ndinawaona ndinama. Ndinangowamva. Pa kamlatho kopapatiza kotchedwa Knife-Edge Bridge mvula inali kugwa chokwera, kuchokera pansi kupita m'mwamba, kumwamba kuli ngwee. Chilenikoti chomwe ndinabwereka pa geti sichinathandize kanthu. Nsapato zinadzaza madzi, ndipo kutsogolo kwanga kunali chiutsi choyera basi, ndi mkokomo womveka m'chifuwa. Walira mvula walira matope, akuluakulu sananame.

Chomwe chinandizunguza mutu n'choti mvula inali itakata kale, nanga madzi onsewa akuchokera kuti? Yankho lake ndi mtunda. Zambezi amayambira kufupi ndi Mwinilunga, kumpoto cha kumadzulo kwa Zambia, n'kudutsa ku Angola, kenaka n'kumwazikana m'chidambo chachikulu cha Barotse kwa a Lozi. Chidambo chimenecho chimayamba chamwa madzi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, moti mvula ya mu Januwale ndi Febuluwale imafika pa mathithi cha mu Epulo. Kunsi kwa mathithi madzi onse aja amapanikizana m'chigwembe chopapatiza cha miyala yakuda chotchedwa Batoka Gorge. Akachuluka alibe kothawira, amangokwera makoma, n'kumazungulira ngati phala lobwata. Umo ndimo ine ndinkafuna kukalowa ndi bwato la mphira.

MIGOLO PA SEKONDI

Tsono madzi a mtsinje amawayeza bwanji? Akatswiri amawerengera kuchuluka kwa madzi odutsa pa malo amodzi pa sekondi imodzi, ndipo muyezo wake ndi kiyubiki mita. Musaope dzinalo. Kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000, kapena tinene migolo 5 ya malita 200, ija amaphikiramo kachasu.

Inunso mukhoza kuyeza kamtsinje ka kumudzi kwanu. Tinene kuti n'kotambalala mamita 4 ndipo kuya kwake ndi theka la mita. Mukachulukitsa mupeza 2. Ponyani chitsononkho m'madzi, muone nthawi yomwe chitenge kuyenda mamita 10. Chikatenga masekondi 20, ndiye kuti madzi akuyenda theka la mita pa sekondi. Theka la 2 ndi 1. Kamtsinje kanuko kakudutsitsa kiyubiki mita imodzi pa sekondi, kapena kucheperako pang'ono poti madzi a pamwamba amathamanga kuposa a pansi.

Pa Zambezi nzeru yake ndi yomweyo, kungoti zida n'zamakono. Ntchitoyi imagwiridwa ndi bungwe la Zambezi River Authority, lomwe maboma a Zambia ndi Zimbabwe anakhazikitsa mu 1987 ndipo ndilo limayang'anira damu la Kariba. Bungweli lili ndi malo oyezera madzi, ena ku Chavuma kufupi ndi malire a Angola, ena kumtunda kwa mathithi. Pa malo otero amazika ndodo ya manambala m'mphepete mwa mtsinje. Akayeza kuya ndi liwiro la madzi kambirimbiri, dzinja ndi chilimwe, amalemba tchati chosonyeza kuti madzi akafika pa nambala yakuti pa ndodo, ndiye kuti akudutsa makiyubiki mita akuti. Zikatero munthu amangowerenga ndodo m'mawa n'kudziwa.

Malinga ndi bungweli, mukaphatikiza zaka zambiri, pa mathithipa pamadutsa makiyubiki mita pafupifupi 1,100 pa sekondi. Imeneyo ndi migolo 5,500, kuphethira kamodzi kokha. Mu Malichi 1958, damu la Kariba lili mkati momangidwa, madzi anafika pa makiyubiki mita 10,000. Chaka chouma kwambiri chinali 1995/96, pomwe chiwerengero cha chaka chonse chinatsikira pa 390. Aliyense amene anadya mgaiwa wachikasu m'zaka za m'ma 1990 akukumbukira chilala cha nthawi imeneyo.

Koma manambala onsewa amangonena kuchuluka kwa madzi. Sanena kuti ndi madzi angati amene munthu angasewere nawo osafa, kapena osagona tulo m'bwato chifukwa chotopa ndi kupalasa. Nambala imeneyo ndiyo ndinkaifuna ine.

ULENDO WA MU OKUTOBALA

Nditabwereranso mu Okutobala ndinachita ngati ndasochera. Dzuwa linali kuswa mtengo. Pa Knife-Edge Bridge paja panali gwaa, ndipo mbali ya mathithi ya ku Zambia, yotchedwa Eastern Cataract, inali chikhoma cha mwala chabe, timadzi tikungotsetsereka apo ndi apo ngati mpopi wa ku Ndirande. Madzi ambiri anali kugwera mbali ya ku Zimbabwe. Mayi wina wa ku Lusaka amene anabwera ndi ana a sukulu anali kudandaula kuti walipira ndalama kudzaonetsa ana miyala.

Izi zimachitika chaka ndi chaka madzi akachepa, ndipo mbali imeneyi ilinso ndi ngalande yopatutsira madzi ku makina a magetsi a ZESCO a mamegawati 108. Mu 2019, chaka cha chilala, zithunzi za khoma loumali zinazungulira dziko lonse, anthu n'kumati mathithi atha. Sanathe ayi, miyezi ingapo pambuyo pake anali kugundanso.

Pomwe mayi uja anali kudandaula, anyamata a mabwato anali kusekerera. Kwa iwo imeneyi ndiyo nyengo yokolola. Kuyambira cha mu Ogasiti mpaka kumapeto kwa chaka, madzi amakhala otsika moti ulendo umayambira pansi penipeni pa mathithi, pa malo otchedwa Boiling Pot, moyang'anana ndi mlatho wa njanji womwe unamangidwa mu 1905. Madzi akayamba kukwera, amasiya timathithi toyambirira n'kukayambira kumunsi, cha pa nambala 11 kapena kupitirira apo. Akafika pachimake, monga ndinawapezera mu Epulo, amatseka.

Anatipatsa chipewa cholimba, jekete yoyandamitsa ndi nkhafi aliyense. Woyendetsa bwato lathu, mnyamata wa minofu ngati mtengo wa mlombwa, atamva kuti ndine wa ku Malawi anandifunsa ngati ndimadziwa kusambira.

"Achimwene, ine ndinakulira ku mapiri," ndinayankha.

"Palibe kanthu ba Malawi. Mukagwa, miyendo kutsogolo, nkhope kumwamba. Mtsinje uzakulavulani wokha."

Timathithi ta m'chigwembemu tili ndi manambala komanso mayina, ndipo mayinawo sapatsa chilimbikitso. Nambala 5 ndi Stairway to Heaven, makwerero opita kumwamba. Nambala 6 ndi Devil's Toilet Bowl, chimbudzi cha satana. Nambala 9 ndi Commercial Suicide, ndipo pamenepo alendo amatsika n'kuyenda pansi pa miyala, poti kampani yomwe ingadutsitse makasitomala pamenepo ndiye kuti yatopa ndi bizinesi. Maulendo amenewa anayamba mu 1981 pomwe gulu la ku America lotchedwa Sobek linatsika chigwembechi koyamba pa mabwato a mphira.

Pa nambala 5 ndinaona bwato likuweramira m'dzenje la madzi lakuya ngati nyumba. Ndinamva "Gwirani chingwe!" kenaka zii. Mdima wobiriwira, mphuno zodzaza madzi, ndipo ndinakumbukira ngongole zanga zonse ndi mayina a ana anga motsatana. Mtsinje unandilavuladi, ndipo anandikoka ndi jekete ngati thumba la chimanga. Anzanga m'bwato anali kuseka. Nanenso ndinaseka, koma pambuyo pake.

Pa dziwe lodekha ndinamufunsa mnyamata uja funso langa lija. Anandiloza mizere yotuwa pa khoma la mwala, pamwamba kutalitali ndi mitu yathu, pomwe madzi amafika mu Epulo. Anandionetsanso mwala wina pakati pa mtsinje. Ati mwala umenewo ukaoneka mutu, njira ndi ya kumanzere, ukamira njira imasintha. Kathithi kena madzi akakwera kamafafanizika n'kukhala ngati msewu wa tala, kena kamasanduka chilombo. Iye sanatchule kiyubiki mita ngakhale kamodzi. Tchati chake chili m'mutu, ndipo sichinalembedwe pena paliponse.

Titamaliza nambala 10 panatsala kukwera khoma la chigwembe wapansi. Ine ndinkapuma masitepe khumi aliwonse, lilime lili panja. Pambali panga panadutsa anyamata a m'midzi yozungulira, monga kwa Mfumu Mukuni, atasenza mabwato ophwetsedwa mpweya, nkhafi ndi mabokosi a zakumwa, ena atavala patapata. Mmodzi, bambo wachikulire ndithu, anandiuza kuti fizi ya ana ake imachokera m'chigwembe chimenechi, ndipo miyezi yomwe mtsinje watsekedwa kunyumba kumakhala kolimba. Pamenepo ndinasiya kuona nkhaniyi ngati masewera a azungu.

ALIYENSE NDI NAMBALA YAKE

Onani tsono mmene zilili. Wojambula zithunzi akufuna madzi apakatikati, oti mathithi adzaze koma utsi usabise. Wa bwato la mphira akufuna madzi otsika. Wosambira pa Devil's Pool, kadziwe ka pamlomo penipeni pa phompho komwe amafikako kudzera pa Livingstone Island, akufuna otsika zedi, ndipo malowa amatsegulidwa miyezi ya madzi otsika yokha. Ine kumeneko sindinayerekeze, ndili ndi banja. Kumtunda kwa a Lozi, bwato la Litunga lotchedwa Nalikwanda limafuna chidambo chodzaza, ndipo zaka zina mwambo wa Kuomboka umalephereka madzi akachepa. Mtsinje ndi umodzi, koma aliyense akupempherera nambala yake.

Nditabwerera kumudzi ndinafufuza ngati pali anthu amene anayesapo kulemba manambala otere. Alipo, makamaka ku America komwe mitsinje yambiri ili ndi madamu. Mu 1976 katswiri wa za nsomba Donald Tennant, amene ankagwira ntchito ku Montana, anatulutsa njira yachidule. Iye anati mukatenga madzi amene mtsinje umakhala nawo pa chaka, 10 pa 100 alionse ndi ongopulumutsira zamoyo kwa kanthawi, 30 pa 100 ndi abwino, pomwe 60 pa 100 ndi okwanira bwino nsomba ndi masewera ambiri a pamadzi.

Njirayi ndi yotchipa, koma tayesani kuibweretsa pa Zambezi. 60 pa 100 ya 1,100 ndi 660. Chonsecho mu Okutobala ndi Novembala, pomwe alendo amachokera ku London ndi ku Sydney kudzakwera mabwato, madzi amakhala pansi pa nambala imeneyo kutalitali. Muyezo wa mtsinje wina sungaubwereke ngati mchere wa kwa aneba.

N'chifukwa chake akatswiri ena, monga Doug Whittaker ndi Bo Shelby, amalimbikitsa zofunsa eni akewo. Pa mtsinje wokhala ndi damu amagwirizana ndi eni damu kuti lero atsegule madzi pang'ono, mawa awonjezere, mkuja awonjezerenso. Tsiku lililonse gulu lomwelo la opalasa mabwato, kapena owedza, limatsika mtsinjewo n'kupereka malikisi: madzi awa ndi osatheka, awa ndi apakati, awa ndi abwino zedi. Amalembanso kuti bwato linagunda miyala kangati, linatitimira kangati, anatsika n'kulikoka kangati. Pomwe palibe damu amafunsa anthu odziwa mtsinjewo kwa zaka zambiri kuti apereke malikisi pa manambala osiyanasiyana a pa ndodo ija.

Akajambula malikisiwo pa pepala pamatuluka mzere wooneka ngati chulu. Kumanzere madzi achepa, malikisi ali pansi. Pakati pali nsonga. Kumanja madzi apyola, malikisi agwanso. Owedza ali ndi chulu chawo, osambira chawo, a mabwato chawo. Mmenemo ndi mmene amapezera madzi ochepetsetsa ovomerezeka, madzi abwino koposa, ndi pomwe ngozi imayambira. Kenaka amatenga zolemba za zaka zambiri n'kuwerenga kuti pa chaka pamakhala masiku angati a madzi oyenera, ndipo damu likabwera patsala masiku angati.

Nambala ikalembedwa imakhala ndi mano. Pa mtsinje wa Gauley ku West Virginia, damu la Summersville limatsegula dala madzi okwana makiyubiki mita pafupifupi 80 pa sekondi, migolo 400, pa masiku oikika a mu Seputembala ndi Okutobala, kuti anthu akwere mabwato. Mahotela ndi malesitilanti a m'deralo amadziwiratu masikuwo. Ku Colorado lamulo la mu 2001 limalola matauni kukhala ndi ufulu wa madzi osewerera mu mtsinje, monga mmene mlimi amakhalira ndi ufulu wa madzi a mthirira.

KHOMA LIKUBWERA

Mwina mukuti, nanga zonsezi zikukhudza bwanji bambo wosenza bwato uja? Nayi nkhani yake. Maboma a Zambia ndi Zimbabwe akhala akukonza zomanga damu m'chigwembe cha Batoka, makilomita pafupifupi 50 kunsi kwa mathithi, khoma lotalika kuposa mamita 170, loti lizipereka mamegawati 2,400 ogawana pakati. Kuti mumvetse kukula kwake, Nkula, Tedzani ndi Kapichira kuphatikiza pamodzi safika mamegawati 400. Mu 2019 ntchitoyi inapatsidwa kwa General Electric ndi PowerChina, koma mu 2023 boma la Zambia linanena kuti mgwirizanowo uthetsedwe, afunenso omanga ena. Mmene ndinkakwera bwato khomalo linali likadali pa pepala.

Likadzamangidwa, madzi adzabwerera m'mbuyo n'kumiza timathithi tambiri ta m'chigwembemu. Okonza mapulani ananenapo zoti m'miyezi ya chilimwe azidzatsitsa madzi a m'damu kuti timathithi toyambirira tizionekabe, mabwato aziyenda theka la tsiku. Apa mukuona kuti phokoso la anthu a mabwato linamveka ndithu mpaka linalowa m'masamu a mainjiniya. Koma lonjezo la pa pepala limayesedwa chaka cha njala. Mu 2024 chilala chinaphwetsa Kariba, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo anthu a ku Lusaka ankakhala pafupifupi tsiku lonse opanda magetsi. Chaka ngati chimenecho, ndani angalimbe mtima kutaya madzi a magetsi kuti alendo akasewere?

Ine sindikunena kuti magetsi ndi oipa. Amene anagonapo ndi njala chifukwa chigayo chilibe moto sanganene zimenezo. Chomwe ndikunena n'choti pa tebulo logawira madzi, injiniya amabwera ndi nambala yake, wa mthirira ndi yake, wa madzi a m'mipopi ndi yake. Wa bwato akabwera ndi mawu oti "timafuna madzi okwanira", amupatsa tiyi n'kumuperekeza pakhomo. Tchati chili m'mutu mwa mnyamata uja chiyenera kufananizidwa ndi ndodo ya manambala n'kulembedwa khoma lisanaime, poti likaima sipadzakhalanso choyeza.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Shire wathu ndi mwana wa Zambezi yemweyo, ndipo iye ali kale ndi chitseko: Kamuzu Barrage ya pa Liwonde, yomwe inamangidwa mu 1965, ndiyo imalamula madzi opita ku makina a magetsi. Kumtunda kwa chitsekocho maboti amanyamula alendo kukaona mvuu ndi njobvu mu Liwonde National Park, ndipo kunsi kukukonzedwa damu lina pa Mpatamanga. Mbiri imatiuzanso kuti kuyambira cha mu 1915 mpaka m'ma 1930 Shire anasiya kutuluka m'nyanja. Tsono funsani woyendetsa boti pa Liwonde kuti madzi akafika pati boti lake limakhula mchenga, akulozerani chitsa kapena muzu wa mtengo. Chonde wina apite ndi kope ndi pensulo, akaime naye pa chitsacho, awerenge ndodo ya boma tsiku lomwelo, alembe. Mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi.

Pobwerera ndinagona njira yonse mpaka pa mlatho wa Luangwa, thupi lonse likuphwanya. Nsapato imodzi ndinaisiya pa nambala 5. Ngati ikuyendabe, pano iyenera kuti yafika ku Kariba.